Kapu ya Pamwamba pa Kabati

Tsabola sanalandire dzina limeneli chifukwa cha kuphika ayi. Analilandira akadali pasukulu chifukwa cha pakamwa, moti dzina lake lenileni linangotsalira pa chiphaso. Ndipo pakamwa pomwepo ndi pamene panamupezera mwamuna.

Tsiku lina akuchokera kuntchito anapeza mnyamata wokonza magetsi ataima pageti la nyumba zalendi zomwe iye ankakhala, chikwama cha zida chili paphewa, akukanizidwa chipinda. Mwini nyumba anali atamufunsa kwawo, ndipo yankho silinamukomere.

"Akumapiri ayi, pepani," anatero mwini nyumbayo. "Ukalowetsa mmodzi, mwezi wamawa upeza mudzi wonse uli m'chipinda chimodzi, mbuzi zili kubafa."

Mnyamatayo anangoweramitsa mutu, monga amachitira anthu akumapiri akabwera mumzinda muno. Anayankha ndi Tsabola, yemwe palibe anamufunsa.

"Bambo, amene anathawa ndi lendi yanu chaka chatha anali mphwanu, wa mumzinda momwe muno. Anachokera kuphiri liti ameneyo?"

Anamusambitsa chokweza mpaka alendi anzake anatuluka kudzaonerera. Chipinda chinapezeka tsiku lomwelo. Chikondi chinachedwerako pang'ono, koma nachonso chinapezeka, ndipo mnyamatayo anthu anayamba kumutcha Getsi.

Tsabolayo anali wa anjanji. Agogo ake aamuna anachokera kutsidya la nyanja pa nthawi yomanga njanji, nakwatira konkuno, ndipo zidzukulu za anthu oterowo, za tsitsi lofewa ndi khungu loyererako, zimadziwika ndi dzina limenelo. Mumzinda dzinali silipweteka munthu. Anjanji ali ndi masitolo, ena ndi madokotala, ena ndi zidakwa ngati wina aliyense. Tsabola ankanyadira mtundu wake, ndipo sanaganizepo kuti kwinakwake ungakhale mlandu.

*

Tsiku lokaonekera kwa amayi ake a Getsi, mnyamatayo anakhala chete m'basi ulendo wonse. Basi ikukwera zitunda, iye ankangopukuta manja pa thalauza.

"Kodi tikupita kumaliro?" anafunsa Tsabola.

"Ayi. Kungoti kwathu anthu ndi achikale."

"Ine ndi anthu achikale timamvana. Ababa anga suwadziwa iwe?"

Getsi anatsegula pakamwa, kenako anatseka. Mawu amene anawameza pamenepo ndi amene anadzamutsamwitsa pambuyo pake.

Nyumba inali yaukhondo moti munthu ankaopa kupondamo. Pabalaza panali mipando yophimbidwa ndi nsalu zoluka, chithunzi cha malemu bambo ake a Getsi, ndi kabati yagalasi yodzaza mbale. Amayiwo analonjera mlendo mwaulemu wonse, kumufunsa za ulendo, za thanzi la kwawo. Chanza chokha ndi chimene sanapereke. Anati manja anyowa.

M'nyumbamo munalinso Dona, mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, yemwe ankaluka tsitsi pa saluni ina mumzinda. Akuti anangopezeka kuti wabwera kwawo sabata yomweyo mwangozi. Ngozi zina zimadziwa kusankha tsiku. Ankalowa ndi kutuluka kukhitchini ngati mwini khomo, ndipo iye ankamutchula Getsi kuti "achimwene" ndi mawu amene mlongo weniweni satchulira.

Nthawi ya tiyi itakwana, amayi anati, "Dona, tatsitsa ija ya pamwamba."

Dona anakwera pampando natsitsa kapu imene inkakhala yokha pamwamba pa kabati. Inali yoyera mbee, ya mkombero wagolide, ndi duwa labuluu pambali. Ena onse anapatsidwa makapu achitsulo ong'ambika m'milomo. Yagolideyo inaikidwa patsogolo pa Tsabola.

Mtima wa Tsabola unasefukira. Kwawo, mlendo akatulutsiridwa chiwiya chimene eni nyumba sachigwiritsa ntchito, ndiye kuti wakwezedwa pamwamba pa onse. Anailandira ndi manja awiri.

"Amayi, ulemu wonsewu wa ine? Mwandichititsa manyazi."

"Imwani, mwanawe," anatero amayiwo, maso ali kukhoma.

Anamwa, nayang'ana Getsi ndi nkhope yowala. Kenako anamulozetsa kapuyo monga ankachitira masiku onse mumzinda, kumene ankadyera mbale imodzi ndi kulandana supuni.

"Talawa, uone kukoma kwa tiyi wa m'kapu ya mabwana."

Dona anagwira pakamwa. Getsi anaseka kaphwete kosachokera mumtima.

"Iwe umachulutsa shuga. Imwa wekha."

Tsabola sanaone chachilendo. Shuga ankachulutsadi.

*

Asanatsike n'komwe m'basi yobwerera, Tsabola anali atawaimbira kale abambo ake. "Ababa, anthu aja andilandira ngati mwana wa mfumu. Kapu imene ndamwera ine, ngakhale mwana wawo samwera." Anauza azakhali ake, anauza anzake akuntchito, anauza ngakhale mwini nyumba uja, kuti aone mtundu wa anthu amene ankawakaniza chipinda.

Loweruka lotsatira anapita kokaluka tsitsi. Saluni yake ya masiku onse inali yotseka, ndiye analowa ina ya pafupi ndi msika. Atakhala kale pampando, thaulo lili m'khosi, anaona pagalasi kuti amene waima kumbuyo kwake ndi chipeso ndi Dona.

"Alamu anga!" anatero Dona mokweza. "Atsikana, awa ndi aja ndinkakuuzani, a kapu yagolide."

Tsabola anamwetulira. Anaona kuti mpata wobaya mdani wapezeka.

"Eya, ndine. Ena akhala akulowa m'nyumba imene ija kuyambira ali mwana, koma akumwerabe m'chitsulo."

Atsikana a musalunimo anayang'anana. Wina wa kumapiri komweko anaweramira pansi. Dona anapitiriza kugawa tsitsi pang'onopang'ono, ngati munthu amene chakudya chake sichithawa.

"Zoonadi, ine sindinamwerepo. Mulungu andithandize ndisadzamwerepo. Koma kuitsuka ndiye ndaitsukapo. Tsiku lija ndinaitsuka ndine, mutangonyamuka. Panja, kuseri kwa bafa, ndi phulusa ndi madzi owira. Siilowa m'beseni la mbale zinzake ija."

"Ukuti chiyani?"

"Aa, achimwene sanakuuzeni? Kwathu nyumba iliyonse ili nayo yake. Imakhala pamwamba kuti ana asaikhudze. Ndi ya anjanji, akabwera kudzagula nyemba kapena kudzakonza mashini. Ena amasunga chitini wamba. Amayi aja ndi a mtima wabwino, anagula yokongola kuti alendo asamadandaule."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsabola anamva nkhope ikutentha mpaka m'makutu. Anakumbukira manja onyowa aja. Anakumbukira za shuga zija. Chimene chinamupweteka koposa n'chakuti iye mwini anathokoza, ndi manja awiri, pamaso pa mtsikana ameneyu.

Koma misozi yake sinali yoti Dona aione. Anadziyang'ana pagalasi nawongola khosi.

"Maliza kuluka," anatero. "Ndipo uluke bwino. Tsitsi la anjanji ndi loterera, lisakupulumuke. Ukamaliza ukasambe m'manja ndi phulusa lako lija."

Anakhala pampandopo mpaka chingwe chomaliza, nalipira, natuluka akuyenda ngati msewu ndi wa abambo ake. Analirira kuseri kwa sitolo ya nsapato, kumene kunalibe womudziwa.

*

Uthenga woyamba wa pafoni anatumiza ndi Tsabola. "Shuga ndinachulutsa eti?"

Getsi anayankha mwachangu. "Shuga wa chiyani, wokondedwa?"

"Wa m'kapu ya pamwamba pa kabati."

Kenako foni inayamba kulira, ndipo Tsabola ankangoiyang'ana. Mauthenga anagwa ngati matalala. "Ndilole ndifotokoze." "Si mmene ukuganizira." "Wakuuza ndani?" Funso lomalizali ndi limene linamukwiyitsa kwambiri, chifukwa munthu wofunsa kuti wakuuza ndani ndiye kuti wavomera kale.

Madzulo dzuwa lisanalowe Getsi anagogoda pachitseko. Tsabola anatsegula koma anaima pakhomo, dzanja lili pa felemu.

"Ndinkafuna kukuuza m'basi muja," anatero Getsi. "Ndinaopa kuti ubwerera panjira."

"Ndikanabwerera kapena ayi, zimenezo zikanakhala zanga. Iwe unandisiya ndikuthokoza chipongwe. Ndinauza ababa anga, Getsi. Ndinauza mzinda wonse."

"Amayi alibe nawe chifukwa. Anakulira momwemo. Kwathu amati anjanji oyamba aja anabwera ndi nthenda imene inapha anthu ambiri, ndiye kuyambira pamenepo..."

"Nthenda imeneyo ndili nayo ine?"

"Ayi."

"Chaka chonse wadyera m'mbale yanga. Wamwera m'botolo langa. Milomo iyi ukuidziwa. Wadwalapo?"

"Ayi, Tsabola. Kunotu ndi kuno, kwathu ndi kwathu."

"Ndiye ndili ndi amuna awiri. Wina wa mumzinda amene amandinyambita zala, wina wa kumapiri amene amaopa kapu yanga. Ndikwatiwe ndi uti?"

Getsi anayang'ana pansi. "Mako ndi mako. Ndikanawanyoza bwanji pamaso pa alendo?"

"Pageti apo," anatero Tsabola akuloza, "munthu wamkulu, mwini nyumba imene ndimagonamo, anakunyoza ndi nkhani ya mbuzi. Ine sindinkakudziwa ngakhale dzina. Akanatha kunditulutsa tsiku lomwelo. Ndinafunsa kuti kuno ndi kuti ndisanatsegule pakamwa?"

Tsabola anatseka chitseko mwaulemu, osamenyetsa. Ankamukondabe mnyamatayo, ndipo zimenezo zinkamukwiyitsa kuposa zonse.

*

Bodza limene Tsabola anawadyetsa abambo ake mosadziwa silinamugonetse. Lamlungu masana anapita kwawo nawauza zonse, osachotsapo ngakhale phulusa.

Abambo ake anali atapuma pantchito yoyang'anira matikiti m'sitima. Anamvetsera atakhala pampando wawo wansungwi, wailesi ataitsitsa mawu. Azakhali ake a Tsabola, omwe ankasenda mbatata pakhomo la khitchini, ndi amene anayamba kuphulika.

"Ndinanena ine! Anthu akumapiri? Anthu oti sopo amamuona pa Khirisimasi, ndiye azitsuka kapu ya mwana wathu?"

"Mlongo, khala chete," anatero abambowo. "Ukulankhula ngati mwini kabati yemweyo."

Anavula magalasi nawapukuta ndi malaya.

"Ine njanji iyi ndaiyenda kuyambira kudoko mpaka kumene imathera. Kudoko, ife anjanji ndife mabwana, ndipo ndi ifeyo amene sitilola mwana wathu kukwatiwa ndi wonyamula katundu. Ukafika kuchigwa, ife alibe nafe kanthu, koma wakumapiri akakhala pabenchi, mnzake amasuntha. Mumzinda muno mwaona nokha za nyumba zalendi. Ukakwera kumapiri, onyozedwa aja nawonso ali ndi wawo womunyoza, ndiye ndife. Ndinkadziwa pamene tafika poona amene anthu akumupewa m'bogi ya sitima. Siteshoni iliyonse ili ndi munthu wake wonunkha."

"Ndiye za kapu munkazidziwa, ababa?"

"Ndamwerapo m'zitini zawo kangapo. Ludzu silisankha. Utandiimbira tsiku lija mtima unagunda, koma ndinati mwina dziko lasintha, ndisamuwonongere mwana chimwemwe." Anavalanso magalasi. "Ine ndinkamwera m'chitini chifukwa ndinali wapaulendo, sitima ikalira ndinkachoka. Iwe ukufuna kukakhala. Ana ako adzamwera muti akapita kwa agogo awo?"

Tsabola anali asanaganizepo zimenezo.

Nthawi yomweyo kunja kunamveka odi. Anali Getsi, atavala malaya ake oyera opitira kutchalitchi, nkhope ili ngati ya munthu amene sanadye kuyambira dzulo. Anali atamufunafuna Tsabola kunyumba zalendi, ndipo atamusowa analimba mtima n'kubwera. Azakhali anatsonya, koma abambo anamulozera mpando.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa," anayamba Getsi. "Ndinalakwa. Mwana wanu ndimamukonda, ndipo ndikufuna kumukwatira."

"Kumukonda kuti? Kuno kapena kwanu?"

"Kulikonse, bambo."

"Pakamwa sipalipira msonkho," anatero azakhali ali kukhitchini.

Abambo anakweza dzanja. "Mnyamata iwe, ine ndilibe nawe mlandu. Ndamva kuti ndiwe wolimbikira, sumwa, sutukwana. Mawu anga ndi amodzi. Mayi ako abwere m'nyumba muno, akhale patebulo ili, adye chakudya chophika mlongo wangayu, m'mbale zathu zomwe timadyera tonse. Akatero, mwana wanga mutenge. Sindikufuna china."

"Bambo, amayi chibadwire sanadyepo m'nyumba ya... sanadyepo kunja kwa kwathu."

"M'nyumba ya anjanji. Litchule, si dzina lotukwana muno."

Getsi anatembenukira kwa Tsabola ndi maso opempha. Ankayembekezera kuti mtsikanayo awachonderera abambo ake kuti afewetse mawu. Tsabola anaona maso amenewo ndipo mtima unamupweteka, koma sanasunthe.

"Mawu a ababa ndi anga," anatero.

Foni ya Getsi inalira m'thumba. Ataiona, nkhope inasintha, naimirira kuti akayankhire panja.

"Ndi ndani?" anafunsa Tsabola.

"Amayi."

"Yankhira pompano. Tonse timve."

Anakhalanso pansi, naika foni patebulo, nakweza mawu. Liwu la amayi ake linadzaza pabalaza, lodekha ngati tsiku la tiyi lija.

"Dona akuti wakuona ukukwera minibasi yopita kwa anthu aja. Uli kumeneko?"

"Ndili kuno, amayi."

"Chabwino. Kupepesa si tchimo, munthu amapepesa ngakhale kwa galu akamuponda. Ulankhule nawo mwaulemu. Koma usadye, usamwe. Wamva?"

Azakhali anagwetsa mpeni m'beseni. Abambo sanagwedezeke. Tsabola anaimirira, natenga jagi ya madzi imene inali patebulo, nathira m'tambula wamba ya masiku onse. Anamwa theka. Kenako anaika tambulayo patsogolo pa Getsi, pafupi ndi foni, mbali imene panali chizindikiro cha milomo yake italoza kwa iye. Anangobwerera pamalo pake napinda manja.

"Wamva kodi?" anabwereza amayi. "Akupatsa kanthu?"

"Andipatsa madzi, amayi."

"Uwauze kuti ulibe ludzu."

Getsi anagwira tambulayo. Anayang'ana foni, nayang'ana Tsabola. Kenako anamwa, osati mobisa ayi, anamwa mpaka kukhosi kunamveka kuti gudyu gudyu, naika tambula patebulo mwamphamvu kuti a pafoni amve.

"Ndamwa, amayi. M'tambula imene wamwera iye. Ndipo si lero lokha. Chaka chonse ndakhala ndikudya naye mbale imodzi, ndipo ndinabwera kwanu n'kudzadyera m'mbale zanu."

Tsabola anamva chifuwa chikufufuma. Ameneyu ndiye mwamuna amene ankamufuna, ndipo akanakhala kuti abambo ake palibe akanamukumbatira pomwepo. Ngakhale azakhali anasuzumira pakhomo kuti amuonenso bwino mnyamata wakumapiriyo.

Amayiwo sanalire, sanakalipe. Atalankhula, mawu awo anali ofatsa kuposa poyamba.

"Ndamva, mwana wanga. Kapu ija ndinali nayo imodzi. Mawa ndikagula ina, kuti ukabwera udzapeze yako."

Foni inaduka.

Getsi anakhala akuyang'ana galasi lakuda la foniyo. Tsabola anatambasula dzanja pansi pa tebulo nagwira lake, ndipo linali lozizira. Anatembenukira kwa abambo ake ndi nkhope yonyada.

"Ababa, mwaona nokha."

Abambowo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndaona. Mnyamata iwe, lero wachita chamuna, ndipo khomo ili ndi lako nthawi iliyonse. Mlongo, muikire mbale."

"Ndiye mwavomera?" anafunsa Tsabola.

"Ndavomera kuti adye. Ine sindinati amwe ndi iyeyu, ndinati abwere mayi ake. Popanda mayiwo kudzakhala patebulo ili, ukwati palibe."

"Koma ababa, munthuyu wataya kwawo chifukwa cha ine!"

"Mawu anga unati ndi ako, mwana wanga. Unanena wekha, tonse tikumva."

Tsabola anatsegula pakamwa, pakamwa paja pamene sipanasowepo yankho chibadwire, koma mawu sanatuluke. Getsi anamuyang'ana akudikira, ndipo dzanja lake linali likadali m'dzanja la mtsikanayo.